Sipanala ya Mkamwini

Mchimwene wanga wakhala akutchuka kwa zaka zoposa makumi awiri tsopano, ndipo zonsezi wazichita ali m'manda. Ali moyo ankadziwika kuyambira pachigayo mpaka pamlatho basi, ndipo ambiri ankamudziwa ngati mnyamata wosapesa uja amene amasokosera anthu Lamulungu masana. Anali wamkulu kwa ine, koma lero ndimangoti "iye", chifukwa zaka zake ndinazipitirira kalekale. Ine ndi amene ndinakwatiwa ndi mnzake amene ankaimba naye.

Nyimbo za roko anazitola kukampu, tili othawa nkhondo tsidya la Ruo. Dalaivala wina wa lole yobweretsa ufa anamupatsa kaseti yopanda chikuto, ndipo mpaka lero sitidziwa amene ankaimbamo ngakhale dziko lawo. Munali magitala okalipa, ng'oma zothamanga, ndi mwamuna wokuwa ngati wapsa ndi phala. Amayi atamva anafunsa ngati wailesiyo yawonongeka. Mchimwene anati nyimbo ndi imeneyi, zina zonse ndi zogonetsera ana.

Mtendere utabwera tinabwerera kwathu ku Milange, n'kupeza nyumba itagwa, mitengo ya mango yokha ili chilili. Mchimwene anatithandiza kuumba njerwa masiku atatu, tsiku lachinayi anayamba kusema gitala. Mawaya anamupatsa ndi mnzake uja, amene ankakonza njinga pafupi ndi malire, ndipo anali mawaya a buleki. Awiriwa analumikiza gitalayo ku wailesi yakale ya sipika yong'ambika, moto n'kumatenga ku batire ya galimoto. Kung'ambika kwa sipikako ndi kumene kunkatulutsa ukali wonga wa pakaseti paja. Munthu wina wachifundo atafuna kuimata, mchimwene anatsala pang'ono kumutema ndi khasu.

Pa awiriwa, woonekera anali mchimwene. Ankadumpha, kugwedeza mutu, kukuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, ndipo atsikana ankachedwa dala pochokera kumjigo. Mnzakeyo ankakhala kumbuyo pa chitsa, maso pansi, mafuta a njinga ali m'zikhadabo. Sindikunena kuti anali woipa nkhope, popeza ndinakwatiwa naye, koma aja anati ukaipa dziwa nyimbo akanamuona akanati mwambi wawo wagwira ntchito. Iye ankagoneka gitala pamiyendo, n'kumatsetsereza sipanala ya teni pamwamba pa mawaya. Gitalayo inkalira ngati munthu. Anthu ankamva kulirako, maso ali pa wodumpha uja.

Kaseti yawo anajambula imodzi yokha, ndipo batani lofiira ndinadina ndine. Linali Loweruka masana, pansi pa mango, amayi atapita ku Majaua kukaona mng'ono wawo. Apa n'kuti mchimwene atayamba kale kudwala chifuwa, malaya akumukulira. Nyimbo yake inali yonena za munthu wobwerera kwawo n'kupeza njira itamera udzu, ndipo pakati pake panali malo amene mawu amasiya, gitala n'kulira yokha. Malowo ankafuna kuliza yekha. Anayesa katatu, mawaya akumupulumuka. Kachinayi anavula gitala n'kuiika pamiyendo pa mnzake.

"Iwe, liza wekha," anatero. "Ine ndingokuwa."

Anakuwadi, ndipo sanakuwepo bwino chotero. Mnzakeyo anatulutsa sipanala m'thumba la kabudula. Titaimvetsera pambuyo pake, mchimwene anatsokomola n'kunena kuti, "Pronto, imeneyo yatha."

Anamwalira chimanga chisanache, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Pamaliro mkulu wina wa mpingo anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo anthu amene ankamutukwana chifukwa cha phokoso anavomera ndi misozi.

Titameta, amayi anandiuza kuti ndiike kaseti ija. Aka kanali koyamba kuimvetsera mpaka kumapeto, chifukwa mwana wawo ali moyo ankathawira kumunda akangoona batire ikutuluka m'nyumba. Itafika pamalo a gitala yokha paja, anakweza dzanja kuti tonse tikhale chete.

"Manja a mwana wanga amenewo," anatero.

Mnzake uja analipo, atakhala pakhonde. Ndinamuyang'ana, iye anayang'ana pansi, ndipo mpata wolankhula unadutsa. Chaka chotsatira tinakwatirana, nabwera kudzakhala pakhomo pathu chikamwini. Tsono mkamwini kwathu kuno satsutsa apongozi. Akawaona akubwera m'njira amapatuka, polankhula nawo amakhala chapatali, chipewa chili m'manja. Munthu wotere angayambire pati kunena kuti amayi, manja amene mumalirira aja ndi awa ndikulimira munda wanuwa? Chaka chilichonse mwezi umene mchimwene anamwalira ukafika, amayi ankaitanitsa kasetiyo, ndipo amuna anga ndi amene ankagula mabatire.

Nyimboyo inayenda. Anthu ankabwereka kaseti n'kujambula yawo, ndipo mafoni atabwera, mnyamata wina wa kompyuta kumsika anaiika m'mamemori khadi, dzina la mchimwene lili pamwamba. Ndinayamba kuimva m'ma shapa, timaminibasi topita ku Mongue, komanso m'ma foni a anyamata onyamula katundu pamalire. Nazo nkhani zinamera. Ena ankati ankaliza ndi mano. Ena ankati anakaimbapo ku Quelimane anthu mpaka kukomoka, chonsecho mwana wa amayi anga sanafikepo ngakhale ku Mocuba. Onse ankamaliza ndi mawu amodzi, akuti akanakhala moyo bwenzi dziko lonse likumudziwa. Ine ndikuganiza kuti akanakhala moyo bwenzi ali ndi dazi ngati malume athu onse, akudandaula mtengo wa feteleza.

Amene anakhala moyo ndi amuna anga. Dazi linabwera, mimba inabwera, ndipo gitala ankaliza m'kwaya ya kutchalitchi, pang'onopang'ono kuti amayi a chigwirizano asasochere. Nthawi zina ankaphonya, ana n'kuseka. Wakufa saphonya. Nyimbo yake imodziyo imatuluka chimodzimodzi tsiku lililonse, ndipo palibe amene anamuonapo akukankha njinga yaphwa tayala dzuwa lili paliwombo.

Zonsezi ndikanapirira, koma zinalowa m'nyumba mwanga kudzera mwa mwana wathu wamwamuna. Anakula akuuzidwa kuti wafanana ndi amalume ake, ndipo atayamba kuyendetsa njinga yamoto pamalire, ndalama yake yoyamba anagulira foni. Mmenemo anapezamo abale ake onse a kaseti ya kukampu ija. Roko wake ndi waukali okhaokha. Ukamuikira wofatsa amati ndi tiyi wopanda masamba. Pamulu wa kalamidade, zovala zakaunjika zija, amafukula mpaka apeze malaya akuda okhala ndi chigaza kapena nkhope ya mzungu watsitsi lalitali. Ndinazindikira mochedwa kuti nkhope zonse zimene ankavala zinali za anthu akufa.

"Enieni onse anafa msanga, amayi," anandiuza tsiku lina tikudya. "Uyu, uyu, ndi uyu, palibe anafika zaka makumi atatu. Ngati amalume."

"Nanga amene sanafe?"

"Epa, amenewo anakalamba. Anayamba kuimba zofewa, zoti agulitse." Anaseka, n'kuponya diso kwa bambo ake. "Zakwaya."

Bambo akewo anaseka nawo, akuchotsa minga m'kansomba. Mchimwene wanga ndimamukonda, ndipo ndimamulirabe, koma tsiku limenelo ndinamukwiyira ngati ali pompo. Anali atatenga kale nyimbo, tsopano ankatenga ndi mwana yemwe.

M'mawa mwake ndinawatsata amuna anga kumunda wa chinangwa.

"Muuzeni mwanayu," ndinatero.

"Amayi ali moyo."

"Amayi si amene akukusekani."

Anaimika khasu n'kulitsamira. "Mlamu wanga ali ndi nyimbo imodzi," anatero. "Ine ndili ndi iwe, ndili ndi mwana, ndaona mvula zonsezi. Ndimulande imodzi yomweyo?"

Ndinalima mizere iwiri mokalipa n'kubwerera kunyumba.

Chilimwe chathachi mwanayo anagula gitala yamagetsi ku Limbe, n'kulumbira kuti aphunzira nyimbo ya amalume ake yonse. Poyambira anapatha sabata imodzi. Koma malo apakati paja anamukanika. Ankabweza foni, kumvetsera, kukoka waya mpaka chala kutuluka magazi, gitala n'kumangolira ngati mwana wa mbuzi. Miyezi itatu tinamva zimenezo. Bambo ake ankakhala potero akumanga masipoko a njinga, ndipo ine ndinkaona nsagwada zawo zikugwedera nthawi iliyonse mwanayo akaphonya, koma pakamwa osatsegula.

Lamulungu lina masana mwanayo anaponya gitala pamphasa. "Kodi amalume anali ndi zala zingati?" anafunsa. "Zimenezi munthu sangalize."

Amayi anali atagona m'nyumba mwawo, ndipo makutu awo masiku ano ndi oti uwakuwire kawiri. Ndinadalira zimenezo. Ndinapita pabokosi la zitsulo, ndinatenga sipanala ya teni, yomwe ija, yosalala mbali imodzi, n'kumupatsa mwanayo m'manja.

"Kawapatse bambo ako, pamodzi ndi gitalayo."

"Yamasuka pati?"

"Ndati kawapatse."

Amuna anga anayang'ana sipanala, anayang'ana ine nthawi yaitali, kenako anayang'ana chitseko cha apongozi awo. "Mayi akowa amakonda milandu," anamuuza mwanayo. Koma anapukuta manja pathalauza, nagoneka gitala pamiyendo. Mwanayo anafuna kuwauza kuti sagwira choncho, ine ndinamutsina.

Koyamba anaphonya, sipanala inagunda thabwa. Anapukusa mutu, anapotokola waya umodzi pang'ono, n'kuyambiranso. Ndipo kulira kuja kunatuluka, konse, ndi kamalo kaja kamene mawu amatsika ngati munthu akumeza misozi asanapitirize. Ndinali nditakumva kambirimbiri m'ma shapa ndi m'ma foni, koma pamaso panga ndinali nditakuona kamodzi kokha, pansi pa mango omwewo, mchimwene atakhala pambali akupuma movutika. Ndinalira, ndipo sindikudziwa kuti ndinkalirira uti mwa awiriwo. Mwana wathu anali atagwada pamphasa, kukamwa kuli yasa, maso ali pa zala zakuda ndi mafuta zija.

Chitseko chinalira. Amayi anatuluka ndi ndodo yawo, mpango uli pambali, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene waitanidwa dzina kutulo. Amuna anga anaika dzanja pamawaya, navula chipewa.

"Ndani ameneyo?" amayi anafunsa.

"Ndi akamwini anu, amayi," ndinayankha mokuwa.

Anaima chapatali, monga amaimira nthawi zonse akamalankhula ndi mkamwini. Anayang'ana gitala, anayang'ana sipanala. Zinatenga nthawi moti nkhuku inadutsa pakati pawo.

"Anakuphunzitsani bwino mwana wanga," anatero.

Ndinatsegula pakamwa, koma amuna anga anayamba ndiwo kuyankha. "Anandiphunzitsa bwino, amayi."

"Lizaninso."

Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, ndipo mkamwini wawo analizanso, kawiri. Kaya ankadziwa, kaya sankadziwa, sindinawafunse ndipo sindidzawafunsa. Atabwerera m'nyumba, mwanayo anasendera pafupi ndi bambo ake, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Ababa, ndiye pakaseti paja..."

"Pakaseti paja akuimba ndi amalume ako," anamudula. "Uwamvetsere bwino mawuwo. Munthu anali akudwala, koma palibe wina angakuwe choncho kuno." Anamubwezera gitala, sipanala n'kuika m'thumba. "Iyi usaitenge, mawa ndili ndi njinga ziwiri."

Kumsika memori khadi ija ikadali ndi dzina la mchimwene, ndipo anyamata a pamalire akunenabe kuti ankaliza ndi mano. Mwana wathu akamva sawatsutsa. Watengera bambo ake, ine ndi amene ndimachita kudziluma lilime.

Lamulungu lotsatira tikupita kutchalitchi, ndinamva mapazi kumbuyo kwathu. Anali mwana wathu, munthu amene anasiya kupemphera atangogula njinga yamoto, atavala malaya ake akuda a chigaza. Anawalanda bambo ake gitala yakwaya ija, yomatidwa ndi selotepi, naikoleka paphewa. Amayi a chigwirizano anayang'ana chigazacho n'kuyang'ana ine, koma sindinasamale. Anakakhala benchi yoyamba, pafupi ndi kwaya, ndipo mapemphero onse maso ake anali pa manja a bambo ake. Panyimbo yachiwiri bambo akewo anaphonya, ana anaseka, iye sanaseke.