Bambo wa Mabotolo ndi Nsomba za Apongozi

Ndinakwatiwa chitengwa, ine mwana wa ku Bowe, n'kukakhala kwa amuna anga kumapiri a kuseri kwa Malomo. Kumeneko ndinakapeza zinthu ziwiri zimene kwathu kunalibe: chisanu cholowa mpaka m'mafupa, ndi apongozi aamuna oweta nsomba. Kuweta nsomba! Kwathu tinkaweta mbuzi, nsomba tinkazidziwa zouma, za pamsika. Koma bambo amenewa anali ndi damu lawo kumunsi kwa dambo, limene anakumba ndi makasu pamodzi ndi abale awo atalangizidwa ndi wansembe wina wa ku mishoni. Wansembeyo anabweretsa tiana ta makumba m'ndowa, kenako anapita kwawo osabweranso. Nsombazo zinatsala m'manja mwa apongozi.

Ankazikonda kuposa mmene ankatikondera ife, ndipo sindikunena modandaula ayi, ndi mmene zinalili basi. M'mawa uliwonse ankatsika ndi lichero la gaga, n'kuimba mluzu, madzi n'kuyamba kuwira ndi timilomo. Munthu ukadwala ankakufunsa kamodzi kuti wadzuka bwanji. Nsomba ikasambira chammbali ankakhala nayo mpaka dzuwa kupendeka. Nsomba zimenezo ndizo zinaphunzitsa amuna anga sukulu, ndizonso zinkachititsa kuti anthu a m'midzi ina akamadutsa aziloza nyumba yathu.

Kenako boma linatimangira dibi. Dibi ndi chidzenje cha simenti chodzaza madzi a mankhwala, mmene ng'ombe zimadumphira kuti nkhupakupa zife. Inali mphatso, ndiye tinaivinira. Ine ndinavina nawo ndili ndi pakati, miyendo yotupa. Analimanga kumtunda kwa dambo chifukwa ndi pamene panali posalala, ndipo ngalande yotayira madzi akale inaloza kumene madzi onse amaloza, kumunsi. Kumunsiko ndi kumene kunali damu.

Nkhupakupa zinafadi, zimenezo sindinganame. Koma nthawi iliyonse akatsuka dibi, mawa lake nsomba zinkayandama mimba zili m'mwamba. Achule ankangoti zii. Akakowa amene ankatera m'mabango anasamukira kwina. Galu wathu anadyako nsomba imodzi yakufa, anasanza tsiku lonse, ndipo kuyambira pamenepo akaona dengu la nsomba ankadutsira kuseri kwa nkhokwe. Aliyense ankaona chimene chinkachitika, ngakhale mwana. Koma zaka zimenezo munthu sunkanena kuti chinthu cha boma chapha nsomba. Unkati nsomba zatopa, kapena kuti chaka chino kwazizira. Mphunzitsi wina wa cha kumeneko anangonena pamowa kuti msewu uli ndi maenje, anamukweza galimoto, ndipo anabwerako patapita zaka ali munthu wosalankhula za misewu.

Apongozi aamuna sanadandaule. Anangouza mlangizi wa zaulimi, mwaulemu, chipewa chili m'manja, kuti nsomba zawo zikuoneka ngati zikudabwa ndi madzi. Mawu amenewo anakwera mtunda, sindidziwa kuti anadutsa m'maofesi angati, ndipo tsiku lina tinamva thuthuthu ikulimbana ndi chitunda.

Anali mnyamata wa tayi, wowonda, waulemu wake, ndi bokosi lathabwa lodzaza mabotolo atalimangirira kumbuyo. Tonse tinkangomutcha bambo wa mabotolo. Atakhala pampando anafotokoza kuti ntchito yake ndi kutunga madzi, kupita nawo kumene amawayeza, kuti boma lidziwe ngati zinthu zake zikuwononga za m'madzi kapena ayi. Anati kumaiko akutali kuli nyumba zopangira magetsi ndi mphamvu yomwe ija ya bomba lalikulu, zomangidwa m'mbali mwa nyanja, ndipo kumeneko lamulo limati anthu ngati iyeyo azitunga madzi kawirikawiri, aziona nsomba, achule ndi ndere, kuti akaona chachilendo nyumbayo aiyankhitse mlandu. Bwana wake ndiye anaziona zimenezo ali kusukulu kunja. Iye mwini anali asanapitirirepo Lilongwe. Ife magetsi tinalibe, nyanja tinalibe, tinali ndi dibi ndi damu, koma anatitsimikizira kuti mabotolo ndi omwewo.

Tsiku limenelo ndinawaona apongozi akumwetulira mpaka usinini. Anauza amuna anga, ine ndikumvera kuseri kwa chitseko, kuti ife pakamwa tinatseka, koma botolo likanena lokha, ndipo botolo sangalikweze galimoto.

Mnyamatayo ntchito ankaigwira bwino, zimenezo ndimuchitira umboni. Ankavula nsapato, kupinda thalauzi, kulowa m'matope, kutunga pakamwa pa ngalande, pakati pa damu, ndi potulukira madzi. Madziwo ankaoneka ngati tiyi wothira mkaka wochepa, ndipo fungo lake linali la dibi lenileni. Akatseka mabotolo ankabwera nalo bokosi kunyumba, n'kuliika pakhonde pamthunzi kuti lisatenthedwe, iye n'kupita pansi pa mtengo wa mango kukadya ndi amuna. Nkhuku inkafa ulendo uliwonse. Nkhuku zathu nazo zinavutika nalo dibi limeneli, kungoti izo zinkafera kumtunda.

Apa ndinene za apongozi aakazi. Mayi amenewo pa nkhani ya alendo panalibe wowaposa. Anali ndi mtsuko wawo wapadera, wa madzi a pakasupe wa m'phiri, osefa ndi kansalu koyera, ndipo ife apanyumba sitinkaukhudza. Ankati mlendo akhoza kuiwala ndiwo zimene unamupatsa, koma madzi akuda amakawanena kwawo. Kasupeyo anali kutali, njira yake yoterera, koma tsiku loti kubwera mlendo ankalawirira okha, osatuma munthu.

Ulendo wotsatira bambo wa mabotolo anabwera ndi yankho: madzi alibe vuto. Apongozi aamuna anakanda mutu, n'kunena kuti mwina tsiku lija mankhwala anali atakhazikika pansi. Ulendo winawo anakonza zoti mnyamatayo afike dibi atangolitsuka kumene, nsomba zikuyandama iye akuona. Yankho linabwera: madzi alibe vuto. Kenako anabwera wosangalala kwambiri, n'kulengeza anthu atasonkhana kuti kumene amayezako adabwa, chifukwa madzi a damu lathu ndi oyera kuposa a m'mipopi ya m'tauni. Panali ndi apampando a chipani pamenepo, ndiye tinaomba m'manja. Apongozi aamuna anaomba nawo, dengu la nsomba zakufa lili pakati pa miyendo yawo. Mnyamata mwiniyo ankayang'ana dengulo, n'kuyang'ana mabotolo, nkhope yosokonezeka, koma naye anali ndi amake kwawo, ndiye sanafunse zambiri.

Madzulo ake apongozi aamuna anati, motsitsa mawu, zikuoneka kuti botolo nalo linagula khadi la chipani. Palibe amene anaseka, ndipo amuna anga anadzuka kukaona ngati kuseri kwa nyumba kuli munthu.

Chinsinsi ndinachipeza mwangozi. Tsiku lina alendo ali pansi pa mango, ndinazungulira nyumba ndi mwana kumsana kukatenga mchere. Ndinapeza apongozi aakazi atagwada, bokosi lathabwa atalikokera kuseri. Ankatsegula botolo, kukhuthulira madzi pa tsinde la nthochi, kulitsuka bwinobwino, n'kulidzaza ndi madzi a mumtsuko wa alendo uja. Manja awo ankayenda ngati a munthu amene ntchitoyo anaizolowera. Atandiona sanadzidzimuke n'komwe. Anangoti mwana wa eni ake sanganyamule zonyansa zoterezi kupita nazo kwa mabwana ake, akatiyesa anthu otani kuno.

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinabadwa choncho, ndipo tsiku limenelo sindinaugwire. Ndinaiwala kuti ndine mtengwa. Ndinawauza kuti madziwo si akumwa, kuti ntchito yake ndi yoti akhale akuda, kuti bambo akuwonda ndi nsomba zawo uku iwo akutsuka umboni ngati mbale. Ndinalankhula zambiri, zina sindingazibwereze. Iwo anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenako anatseka botolo, n'kulipukuta ndi chitenje.

“Mukuyesa sindikudziwa, amake mwana?” anatero. “Botolo likakanena zoona, adzabwera kudzafunsa kuti analiitana ndani. Nsomba zikafa timafotsera, tikudziwa pamene zagona. Bambo anuwo akawakweza galimoto, ine ndikafotsere chiyani?”

Kenako anandiuza kuti ndigwire kansalu asefe. Sindinagwire. Ndinatenga mchere wanga n'kuchoka, misozi ili chuchuchu, yaukali osati yachisoni. Ndinkadana nawo mayi amenewo tsiku limenelo, ndipo chimene chinkandipweteka kwambiri n'choti zimene ananenazo zinali zoona.

Ndinawauza amuna anga. Iwo anati chisanu chawatseka makutu, sanamve kanthu, ndipo ndisabwereze chifukwa sadzamvanso. Ndiye nkhaniyo inatsala ndi ine. Apongozi aamuna anali atayamba kudziimba mlandu okha. Ankati mwina gaga wawo ndi wowola, mwina akalamba, mwina wansembe uja anaiwala kuwauza china chake. Anasintha gaga, anadula mabango, anakumba kangalande kawo kopatutsa madzi, mvula n'kukakokolola. Ine kumaona zonsezo ndikudziwa! Zinandikanika.

Vuto linali loti mtengwa salankhula maso ndi maso ndi apongozi aamuna. Mukakumana panjira umapatuka, n'kugwada kutchire mpaka adutse. Ukakhala ndi mawu umatuma mwana, ndipo ngati mwanayo sanayambe kulankhula, umamuuzabe mokweza kuti agogo ake amve. Wanga anali asanamere ndi dzino lomwe, koma ntchito imeneyo ankaitha.

Ndinawapeza m'mawa wina kumunsi kwa damu, dibi atalitsuka dzulo lake, akukumba dzenje lofotsera nsomba. Ndinaima patali, ndinatembenukira kumbali, n'kumutsitsa mwana kumsana.

“Iwe,” ndinatero kwa mwanayo, “uwauze agogo ako kuti gaga wawo alibe mlandu. Madzi amene amapita ku boma si a m'damu muno. Ndi a mumtsuko wa alendo.”

Khasu linaima. Ndinkayembekeza kuti akwiya, athamangira kunyumba, mwina ukwati wa anthu okalamba utha chifukwa cha pakamwa panga. Iwo anatsamira mpini, n'kuyang'ana mwanayo, amene ankayamwa chala chake osalabadira za boma.

“Uwauze amako kuti zikomo,” anatero. “Uwauzenso kuti nthochi ya kuseri kwa nyumba ija inauma kalekale, ndipo ine maso ndili nawo.”

Kani ankadziwa kale! Kenako ukali unabweranso, ndipo ndinamuuza mwanayo kuti awafunse agogo ake chifukwa chimene amaphetsera nkhuku ulendo uliwonse, chifukwa chimene amamuperekezera mnyamata uja kumatope, ngati akudziwa kuti zonsezo zikathera pa nthochi. Anayamba kukankhira nsomba m'dzenje ndi phazi, imodziimodzi.

“Ndimati mwina tsiku lina aiwala,” anatero.

Za gaga ndi mabango zija, ndinazindikira pambuyo pake, ankachitira kuti anthu aziona kuti iwo akudziimba mlandu okha, osati dibi. Kuwaletsa akazi awo sakanatha, chifukwa ankadziwa kuti akunena zoona. Kuleka kuyembekeza nakonso sakanatha. Ndiye anthu awiriwa ankangokhala choncho, wina kuitana botolo, wina kulitsuka, madzulo n'kudyera pamodzi, osatchulapo kanthu.

Apongozi aakazi sanaiwalepo. Tsiku lina loti mnyamatayo abwera anadwala malungo, ine n'kuti lero ndiye lero, koma anadzuka akunjenjemera, n'kukwera phiri ndi ndodo. Pamapeto pake bambo wa mabotolo anabwera kudzatsanzika. Anati popeza madzi athu akhala oyera nthawi yonseyi, mabwana aona kuti palibe chifukwa choonongera mafuta a thuthuthu, ndipo amutumiza kwina kumene kuli mavuto enieni. Anatunga komaliza, anaika bokosi pakhonde, anapita kukadya. Apongozi aamuna anadya pang'onopang'ono tsiku limenelo, ndipo kamodzi kokha anatembenuka kuyang'ana kukhonde. Bokosi linali litapita kale kuseri.

Makumba anatha chaka chomwecho. Apongozi aamuna anatsikabe ndi lichero kwa masiku angapo, kuimba mluzu, madzi osagwedezeka, kenako gagayo anayamba kupatsa nkhuku, zimene tsopano zinayamba kuchuluka. Damu linadzaza mabango. Dibi nalo linadzang'ambika lokha patapita zaka, popanda wolinenera kanthu.

Apongozi aamunawo galimoto sanaikwere. Anakalamba mpaka kuyendera ndodo, anaona ana a zidzukulu zawo, ndipo anamwalirira pamphasa pawo, m'nyumba mwawo, akazi awo ali pambali. Ine ndinali pakhomo, chifukwa ngakhale pamenepo mtengwa salowa. Ndinamva akupempha madzi. Amayi anadutsa mtsuko wathu wa masiku onse, n'kukatunga mu wa alendo uja, n'kuwagwirizira chikho. Anamwa pang'ono, anapuma, kenako anati madzi amenewa akuwadziwa, ndi aja anakhoza mayeso ku boma.

Amayi anati inde, ndi omwewo, amwe amalize.