Khutu Lomwe Linatsala

Lole inaima tayala litaponda kale chidendene cha nsapato yake.

Mwana wanga wamwamuna anali atasenza lata pamutu, akudutsa kuseri kwa sitolo ya zitsulo, ndipo lole inkabwerera m'mbuyo. Woyendetsa anaimba hutala. Ogulitsa m'mbali mwa msewu anakuwa mpaka kusasa mawu. Iye phee, kumangoyenda ngati ali pabwalo pa nyumba yake. Anadzazindikira chitsulo cha kumbuyo kwa lole chitagunda lata lija n'kumugwetsera pansi.

Woyendetsa anatsika. "Iwe! Ukufuna undimangitse? Ndiwe gonthi kapena?"

Mwana wanga anayang'ana milomo ya munthuyo ikutseguka n'kutsekeka. Mawu ankamufika ngati akuchokera pansi pa madzi. Anangoti, "Eya." Masiku amenewo ndilo yankho lomwe ankapereka kwa aliyense, kaya wamufunsa chiyani.

Inu amene mumasakasaka nkhani zokulimbitsani mtima, iyi ndi yanu. Koma sindikometsa ayi. Ndikuuzani mmene zinalili, ndipo zinali zoopsa.

Mwana wangayu ntchito yake inali yokhoma zidebe. Ankagwira m'shedi ya malata pamodzi ndi anzake ambiri, aliyense ndi hamala yake ndi chidutswa cha njanji chokhomerapo. Ndowa, mabeseni, mapoto, mafanelo. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nkhonkhonkho! Ine ndikapita kukamuona ndinkatuluka mutu ukuwawa. Iwo ankaseka, amvekere, "Amayi, tinazolowera." Kuzolowera chiyani? Makutu anali akufa, iwo n'kumati azolowera.

Khutu lakumanja ndilo linayamba kupita. Linkalira mkati ngati muli nyenje. Mnzake wina wa m'shedimo, amene amadziwa mankhwala a chilichonse koma sanachiritsepo ngakhale chimfine, anati ndi phula ladzaza. Anamuthira mafuta ofunda, n'kumutokosa ndi kawaya. Mawa lake khutu linatupa, kenako mafinya, kenako zii. Linatseka ngati chitseko cha nyumba yosiyidwa.

Linatsala lakumanzere lokha. Nalonso linali paulendo.

Zoyamba kusowa zinali mawu ang'onoang'ono. Mbalame. Supuni ikamagunda kapu. Mawu a kamtsikana kake. Mpongozi wanga anandiuza kuti mwanayo akamayankhula, bambo ake ankangomuyang'anitsitsa pakamwa, thukuta lili kamukamu pamphumi, kenako n'kuti, "Eya." Mwana wafunsa chifukwa chake galu alibe nsapato, bambo ake akuti eya.

Chichitikireni za lole zija, mantha anamulowa m'mafupa. Sankawoloka msewu yekha. M'nyumba ankakhala msana atatsamira khoma kuti pasapezeke womudzera kumbuyo. Munthu akamugwira phewa ankadumpha ngati wapsa. M'mawa uliwonse akadzuka ankakhwatchitsa zala pafupi ndi khutu lakumanzere kuti aone ngati likadalipo.

Tsiku lina anandiuza mawu amene sindidzawaiwala. "Amayi, ndikumira ndili pamtunda."

Ndinamukalipira, chifukwa ine ndikachita mantha ndimakalipa. Koma nditafika kwathu sindinadye.

Tsono mverani zomwe anachita. Anatenga lata lotsala, n'kukhoma fanelo yaitali yopindika, kukamwa kwake kotambalala ngati mbale, kumapeto kwake kowonda kolowa m'khutu. Anabwera nayo kwanga, anaiika kukhutu, n'kundilozera kuti ndiyankhule.

Ndinati, "Chitsiru iwe, ukufuna ndikuthire palafini m'mutu?"

Anagwetsa misozi. "Ndamva, Amayi. Mwati chitsiru."

Kuyambira pamenepo dzina lake linasanduka Fanelo. Ana ankamutsatira mumsewu. Anzake ankakuwira m'chinthucho mwadala kuti adzidzimuke. Iye sanachisiye, ankayenda nacho m'thumba ngati khasu la mlimi. Koma fanelo imangosonkhanitsa mawu, siichiritsa. Khutu linkapitabe.

Ndinatopa nazo. Ndinamugwira dzanja, bambo wa ndevu zake, n'kupita naye kuchipatala chachikulu kumene kuli chipinda cha makutu. Tinapeza mayi wina wamfupi, woyeza makutu, amene aliyense ankangomutchula kuti a Sisitala.

Anamulowetsa m'kachipinda kotsekeka ngati bokosi, kokhala ndi windo lagalasi. Anamuveka zinthu zophimba makutu, n'kumupatsa batani m'manja. Akamva kulira, adine. Ine ndinaima kunja pambali pa a Sisitala. Ndinkaona dzanja lawo likupotokola makina, kuwonjezera, kuwonjezeranso. Mwana wanga ali duu, chala chili pabatani, maso ali pa ine, akudikira phokoso lomwe linali litalira kale. Inu, ndinaberekapo, ndinaikapo maliro, koma mantha a tsiku limenelo anali amtundu wina.

Atatuluka, a Sisitala anakhala moyang'anizana naye kuti aziona milomo yawo.

"Lakumanja linabooledwa, matenda n'kulowa, ndipo lawonongeka kwambiri. Lakumanzere likudyedwa ndi phokoso. Mkati mwa khutu muli tinthu tonga tiubweya timene timagwira mawu. Phokoso limatigwetsa ngati udzu wopondedwa. Tikafa, sitimeranso."

Ndinati, "Ndiye mum'patse jakisoni."

"Palibe jakisoni, mayi."

"Mapiritsi?"

"Palibe. Ena amagontha ndi ukalamba, ena ndi matenda a ubwana, ena ndi mankhwala amphamvu, ena amabadwa choncho. Awa ndi hamala. Chomwe chatsala tingathe kuchisunga, koma hamala aisiye."

Kenako anaona fanelo ija ikusuzumira m'thumba. Anaitenga, anaitembenuza, n'kumwetulira. Anati kalekale zothandiza kumva zinayamba choncho, malipenga ogwirira kukhutu. Kenako kunabwera mabokosi a mabatire, olemera, oyenda nawo pachifuwa ndi mawaya. Anthu anapitiriza kuchepetsa mpaka kufika pa kamakina kokhala kuseri kwa khutu, kochepa ngati chala. Anatulutsa kamodzi m'kabati kutionetsa.

"Bambo, inu mwayambira pomwe anayambira anzathu akale. Tiyeni tikudumphitseni."

Tinadikira nthawi yaitali, ine ndikupita kukawakumbutsa mpaka alonda a pageti anandidziwa. Kamakina kanabwera. Tsiku lomwe anamuveka, anamva pepala likukhwekhwereza patebulo, anatembenuka ngati waona njoka. Atafika kunyumba kamtsikana kake kanamufunsa funso, iye n'kuyankha yankho lenileni. Mwanayo anathamangira kwa amayi ake. "Amama, ababa asiya eya!"

Mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepo? Ayi. Apa ndiye pamene panaopsa.

Kamakina sikaphika. Ana amafuna kudya. Munthu amene wagwira hamala chiyambire unyamata wake, ukamulanda hamala watsala ndi chiyani? Anayesa kugulitsa zidebe za anzake pamsewu, sizinayende. Ndiye anayamba kuzemba. M'mawa ankauza mkazi wake kuti akukasaka ganyu, koma ankalowa m'shedi muja, kuvula kamakina, kukaika m'kachitini, n'kuyamba kukhoma.

Kunabwera ntchito yaikulu ya ndowa zambiri. Anakhoma osapuma. Atamaliza anatuluka panja, anavala kamakina kake. Zii. Anasintha batire. Zii. Anakhwatchitsa zala. Anamenya m'manja. Anakuwa dzina lake lomwe pakati pa msewu, anthu n'kumamuyang'ana, iye osadzimva.

Anafika kwanga akuthamanga. Ndinali ndikuchapa. Anakhala pansi m'matope a sopo, n'kugwira nsalu yanga ngati mwana woyamwa.

"Amayi, lapita. Yankhulani. Nditukwaneni. Chonde nditukwaneni."

Ndinamutukwana ndithu, pakhutu penipeni. Sanaphethire n'komwe.

Masiku otsatirawo sindikufuna kuwakumbukira. Sankadya. Ankangoyang'ana pakamwa pa mwana wake. Mpongozi wanga anabisa zingwe zonse za m'nyumba osauza munthu, ine ndinangoona kuti zovala akuyanika pampanda. Kenako m'mawa wina khutu linatseguka pang'ono, ngati chitseko chokankhidwa ndi mphepo. Tinabwerera kwa a Sisitala. Anamuyeza. Anapukusa mutu.

"Labwerera, koma silinabwerere lonse. Latsika. Mukadzabwerezanso, mwina silidzatsegukanso. Kamakina kamakweza mawu, koma khutu likafa, kalibe chokweza."

Apa ndiye ndinakoka mpando n'kukhala.

"A Sisitala, inu mwamulanda hamala. Chabwino. Mum'patse china chogwira."

"Mayi, kuno si kolembera ntchito."

"Ndiye ndi kotani? Kouza anthu kuti afe ndi njala makutu ali bwino? Muuzeni asankhe, khutu kapena ana. Muuzeni inuyo, ine ndikumvetsera."

"Pali anthu pamzere, mayi."

"Adikira. Inenso ndinadikira."

Anaitana mkulu wa chipindacho, bambo wamtali wa magalasi. Bamboyo anandiuza kuti malo kulibe. Ndinati sindikupempha malo, ndikupempha ngodya. Anati mwana wanga alibe mapepala a sukulu. Ndinamugwira manja mwana wanga n'kuwatambasula patebulo, zipsera zonse poyera. Ndinati manja awa amapinda lata mpaka osadontha ndi dontho limodzi, muwayese, akalephera mudzatithamangitse tonse awiri ndipo sindidzabweranso. Bamboyo anaseka, anati mawu omaliza aja ndi amene amukopa.

Kuseri kwa chipinda cha makutu kunali kachipinda kena kopangira timapulagi tolowa m'khutu, tomwe timalumikiza kamakina ndi khutu la munthu. Khutu lililonse lili ndi kapangidwe kake. Pulagi ikapanda kukwana bwino, kamakina kamalira tswii ngati mluzu, ndipo ambiri amakavula n'kukaponya m'kabati. Mmisiri wa m'menemo anali mmodzi, wokalamba, ntchito itamuunjikira. Anamulandira mwana wanga kuti azisesa ndi kutsuka zida.

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi. Atamulola kugwira tupa, anawononga. Dzanja lozolowera hamala ndi lolemera. Ankapala mopitirira, pulagi n'kukhwepa. Mmisiri uja ankaitaya m'bini osanena kanthu, ndipo kusanena kanthuko kunkamuwawa kuposa kutukwana kwanga. Kunyumba zinthu zinathina. Mpongozi wanga anayamba kuchapira anthu. Anzake a kushedi ankamuitana, amvekere, "Fanelo, bwera udzangokhoma pang'ono, khutu silidziwa." Mwana wanga anandiuza kuti tsiku lina anafika mpaka pakhomo pa shedi, anaima, phokoso likumumenya pachifuwa. Anakumbukira zii uja. Anabwerera.

Anapitiriza. Kupala, kuyesa, kutaya, kuyambiranso. Chinthu chimodzi chinkamuthandiza: iye mwini amavala. Amadziwa pomwe pulagi imaluma, pomwe imatentha, pomwe imatulutsa mluzu. Mmisiri uja anayamba kumusiyira makutu a ana, amene ndi ovuta chifukwa ana sakhazikika ndipo amaopa. Mwana akayamba kulira, Fanelo amatembenuza mutu n'kumuonetsa kamakina kake. "Taona, inenso ndili nako. Sikaluma."

Patapita nthawi anamutumiza kukaphunzira, n'kubwera ndi pepala lake. Mmisiri uja atapuma, kachipindako kanatsala m'manja mwake. Amapanganso zotsekera m'makutu za anthu ogwira ntchito m'phokoso, ndipo zoyamba anakapereka kushedi kuja. Ena amavala. Ena amati zimawayabwa. Amene anamutokosa ndi waya uja tsopano ndi amene amati "mwati?" kawirikawiri kuposa onse.

Nanga khutu? Chaka chilichonse a Sisitala amamuyeza, ndipo chaka chilichonse ine ndimadikira mpaka atabwera kudzandiuza. Ulendo wapitawu anafika ndili pakhonde. Sindinamupatse ndi moni womwe.

"Ati bwanji?"

"Silinakwere, Amayi."

"Ndikudziwa kuti silikwera. Latsika?"

"Silinatsike. Lili pomwe linali."

Ndinakhala pansi. Lakumanja linapita, silidzabwera. Lakumanzere ndi theka. Koma theka limenelo ndi lake, amamvera nalo mwana wake, amawolokera nalo msewu. Ndipo ndikayamba kumulalatira za ndevu zosameta, ndimamuona akukweza dzanja mwakachetechete kuseri kwa khutu n'kuzimitsa kamakina. Amaganiza kuti sindiona.

Tsono inu. Ngati m'khutu mwanu mukulira nyenje, ngati mwayamba kuyankha eya pa zomwe simunamve, musadikire lole. Musalole munthu akuthireni mafuta kapena kukutokosani. Pitani mukayezetse. Amene mumagwira m'phokoso, tsekani makutu, anzanu akaseka asekeni nanunso. Ndipo ngati china chinapita kale, lirani pang'ono, kenako pukutani maso muyang'ane chomwe chatsala. Chigwireni ndi manja awiri. Mukakanizidwa pakhomo, kokani mpando mukhale. Mtima wokha musautaye, chifukwa umenewo palibe kamakina kake.