Alamu Anga Anafera M'kompyuta

Ntchito yanga ndi yokonza njinga. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Nkhaniyi ndiinena mmene inachitikira.

Zaka zimenezo ndinkakonzera njinga pakhonde la sitolo ina pa boma la Phalombe. Mwini sitoloyo anali bambo wa msinkhu wanga amene anakhalitsa ku Joni. Anabwerako ndi makompyuta atatu ndi makina a fotokope. Anthu ankabwera m'mawa kudzalembetsa makalata ofunsira ntchito. Masana kukatentha kunkakhala zii.

Tsiku lina anandiitana.

"Amisiri, talowani. Ndikusowa munthu."

"Wonyamula chiyani?"

"Wokumba miyala kumwamba."

Ndinalowa. Pagalasi la kompyuta panali mdima ndi nyenyezi. Pakati pankayandama chinthu chonga thanki ya madzi yomera mapiko. Anati chimenecho ndi chombo. Anati masewerawa ndi a m'tsogolo, anthu atasamuka pansi pano n'kukakhala ku nyenyezi. Munthu umakhala ndi chombo chako, umakumba miyala yoyandama, umakatula ku siteshoni. Iye anali ndi chombo cha mfuti. Ankafuna wina wokumba kuti iye azilondera.

Ndinaloza tizombo tina timene tinkadutsa chapatali. Ndinafunsa ngati ikutiyendetsa ndi kompyutayo.

"Ayi. Ndi anthu enieni. Uyu ali ku Jeremani. Uyu kaya, mwina ku Rasha. Akutiona mmene tikuwaoneramu."

Ndinachotsa manja patebulo. Anaseka.

Musanayambe masewerawo mumayenera kuumba munthu wanu. Mumasankha mphuno, maso, khungu, tsitsi. Apa ndi pamene ndinalakwa.

Ine ndine mkamwini. Ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga, ku Mkhumba. Nyumba ili pa malo awo, munda ndi wawo, ana ndi awo. Mwini mbumba ndi mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga. Ine ndi alamu amenewo tinkanyozana tsiku ndi tsiku, mwa chilamu. Iwo ankanditcha tambala wobwereka. Ine ndinkati mutu wawo ndi bwalo la mpira. Ndiye nditaona kuti pali mutu wa dazi, ndinasankha umenewo. Ndinaika ndevu za mbuzi. Ndinapezanso chipsera, ndinachiika pa tsaya lamanzere, pomwe iwo anatemedwa ndi khasu ali mwana. Kompyuta inafunsa dzina. Ndinalemba lawo, mayina onse awiri.

Akabaza amene ankadikira njinga zawo pakhonde analowa kudzaona.

"Iii! Awa ndiye iwowo!"

"Angosowa chipewa cha mlaza."

"Amisiri, akadzamva alamu anu mudzagona m'khola."

Tinaseka tonse. Eni akewo sanadziwe. Pa boma sankabwerabwera.

Ndinasewera miyezi iwiri. Ndisaname, ndinawakonda masewerawo. Koma ankandiopsa. Kumeneko kulibe pansi. Ukayang'ana kumunsi kuli nyenyezi, kumwamba nyenyezi. Kulibe mphepo, kulibe mbalame, kumangomveka kung'ung'uza kwa injini. Intaneti yathu inali yofooka, chombo chinkayenda modumphadumpha ngati njinga ya tcheni chotha. Nthawi zina pakona pa galasi pankatuluka kadontho kofiira. Ameneyo ndi wachifwamba. Munthu weniweni, wakhala pa mpando kwawo, wadya, ndipo akubwera kudzakuwombera popanda chifukwa. Ndikakaona ndinkathawira ku siteshoni, chifukwa m'menemo saloledwa kuwombera.

Lachitatu lina masana ndinali kutali, chombo chitadzaza miyala. Magetsi anazima.

Mwini sitolo anagwira kumutu. "Alamu anu atsala panja okha."

Magetsi anabwera Lachinayi cha m'ma leveni. Tinayatsa. Akabaza awiri analipo. Chombo chinali zidutswazidutswa. Pakati pa zidutswazo pankayandama munthu. Mwini sitolo anamukokera pafupi kuti tione bwino. Dazi lija. Ndevu zija. Chipsera. Kukamwa kuli yasa, maso oyera, nkhope yachita mbuu ndi chisanu. Mtembowo unkazungulira pang'onopang'ono ndipo pamwamba pake panalembedwa dzina la alamu anga.

Palibe anaseka.

"Musadandaule, pamakhala thupi la sipeya," anatero mwini sitolo.

Anadina. Panaoneka chipinda choyera ndi botolo lalitali ngati munthu, lodzaza madzi obiriwira. M'botolomo munali alamu anga, osavala. Anatsegula maso. Botolo linatseguka, anatuluka, anaima chilili kudikira kuti ndiwatume.

"Mwaona? Bwererani ku miyala."

Wakabaza mmodzi, wachikulire, anavula chipewa. "Ndiye kuti munthu wafa, inu mwamudzutsa kuti azikugwirirani ntchito?"

"Ndi masewera, madala."

"Kwathu kuno zimenezo timati ndondocha."

Anatuluka. Njinga yake anaitenga isanathe kukonzedwa.

Loweruka m'mawa alamu anga anagwa m'munda wa nandolo. Tinawapeza kukamwa kutapotoka, dzanja lamanja litalefuka. Ndinathandiza kuwanyamula mpaka ku chipatala. Adokotala anati ndi sitiroko, magazi ankathamanga kwambiri kuyambira kale. Ndinamva.

Ine ndimapemphera. Ndikudziwa kuti kompyuta ndi mawaya ndi galasi. Ndinaionapo itatsegulidwa, m'kati muli fumbi ndi kafani. Komabe Lachinayi ndinaona mtembo, Loweruka munthu anagwa. Zimenezi ndinalephera kuzichotsa m'mutu.

Nkhani imayenda pa kabaza. Lamulungu inali itafika kale ku Mkhumba. Kutchalitchi benchi imene ndinakhala ine inatsala ndi malo mbali zonse ziwiri. Titabwerera kunyumba mkazi wanga anatseka chitseko masana.

"Bambo a ana, achimwene munawaika m'makina?"

"Anali masewera."

"Ndafunsa kuti munawaika?"

"Ndinawaika."

"Anafa m'menemo?"

Mkazi wanga anatenga ana n'kupita nawo kwa mayi ake.

Madzulo ake kunabwera mng'ono wawo wa alamu. Sanakhale pansi. Anaima pabwalo, chikwanje chili m'khwapa ngati akuchokera ku dimba, koma linali Lamulungu.

"Alamu, achimwene akapita, inu musadzadikire maliro."

Anangonena zomwezo. Ndinadziwa tanthauzo lake. Ndinaonapo nyumba ya mkulu wina amene anamutchula mfiti m'mudzi woyandikana nafe. Panatsala zipupa zakuda ndi poto mmodzi. Iyeyo anali mwini mudzi weniweni, wobadwira pomwepo. Nanga ine wobwera?

Lolemba ndinalawirira ku boma.

"Afafanizeni," ndinauza mwini sitolo.

Anatsegula. Alamu anali chiimire m'siteshoni, akupuma, mapewa akukwera ndi kutsika. Mwini sitolo anaika kamuvi pa mawu ofiira.

"Ndikadina apa apita. Sipeya palibenso."

Ndinamugwira dzanja. Ndinaligwira kwambiri mpaka anakuwa.

Ndinali nditaganiza. Ndikawafafaniza, iwo n'kumwalira ku chipatala tsiku lomwelo, ndiye kuti ndawamaliza ndine. Ndikawasiya, ndiye kuti ndikusunga ndondocha. Kulikonse kunali moto.

"Amisiri, inunso mwayamba kukhulupirira?"

"Siyani choncho."

Anandiseka tsiku limenelo. Pofika Lachitatu anasiya kuseka, chifukwa anthu analeka kubwera ndi makalata awo. Amayi ankadutsa tsidya lina la msewu. Njinga zobwera kwa ine zinachepa.

Masabata awiri ndinkalowa m'sitolomo m'mawa uliwonse kukaona ngati alamu akupumabe pagalasi. Ndikatero ndinkapalasa kupita ku chipatala kukasuzumira pawindo ngati enieniwo akupumanso. M'kati achibale sankandilola. M'masewera sindinawatulutsenso m'siteshoni ngakhale kamodzi. Magetsi akazima ndinkakhala pakhonde manja ali lende, sipanala osaigwira, mpaka abwere.

Munthu wa ku Jeremani uja, amene nthawi zina tinkakumba naye limodzi, analemba uthenga. Mwini sitolo anandiwerengera.

"Akufunsa kuti bwanji simukutuluka. Akuti mwachita mantha?"

"Muuzeni kuti eya."

"Akuti musaope, aliyense amafa kambirimbiri. Iye wafapo ka makumi atatu."

"Mufunseni ngati ali ndi alamu."

Sanamufunse.

Alamu anatuluka m'chipatala akukoka mwendo, mawu akutuluka mbali imodzi ya kamwa. Achibale anagwirizana zoitana sing'anga kuti adzanunkhize pamudzi. Aliyense ankadziwa khomo limene akanaimapo. Kutatsala masiku awiri, alamu anatuma mkazi wanga kuti andiitane.

Ndinawapeza pa mphasa, atatsamira chipupa. Mng'ono wawo analipo, ndi azakhali awo, mayi wachikulire amene mawu ake amamveka pa mbumba yonse. Ndinakhala pansi chapatali.

"Atambala," anatero alamu. Mawu ankavuta, tinkadikira lililonse. "Akuti munandipha."

"Ine ndinangokuumbani. Anakuphani ndi ena."

"Ndani?"

"Sindikuwadziwa. Mwina a ku Rasha."

"A ku Rasha ndinawalakwira chiyani?"

"Amangowombera aliyense."

Anandiyang'ana. Diso limodzi linkatuluka misozi lokha.

"Mawa mundikweze pa njinga. Ndikadzione."

Azakhali anakana. Anati kumeneko ndi kukadzipereka. Alamu anamenya mphasa ndi dzanja lamanzere. Nkhani inatha.

M'mawa mwake ndinawakweza pa keriyala. Mkazi wanga anatimanga pamodzi ndi chitenje m'chiuno kuti asagwe. Mng'ono wawo anakweza azakhali pa njinga yake n'kumatitsatira. Pofika pa boma anthu anali atadzaza kale pakhonde. Wakabaza wachikulire uja anali kutsogolo.

Tinawakhazika pa mpando. Mwini sitolo anayatsa. Intaneti inachedwa. Kenako alamu a m'kompyuta aja anaoneka.

Azakhali anakuwa n'kuphimba kumaso ndi mpango. Alamu anasendera pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Dazi kuno, dazi uko.

"Ameneyu ndi wonenepa," anatero. "Ine ndinanenepapo chonchi liti?"

Anatembenukira kwa ine.

"Amagwira ntchito yanji?"

"Amakumba miyala."

"Miyalayo ili kuti?"

"Momwemo. Situluka."

"Ndiye mwandikumbitsa miyala yoti simungamangire ngakhale chimbudzi. Chitsiru cha mkamwini."

Wina pakhomo anayamba kuseka, n'kudziletsa.

Ndinawauza zonse. Ndinati ndikuopa kufafaniza, ndikuopanso kusunga. Ndinanena pamaso pa anthu kuti ndinalakwa kutenga nkhope ndi dzina la munthu wamoyo osapempha. M'moyo mwanga sindinalankhulepo mawu ambiri choncho nthawi imodzi.

Alamu anatembenukira kwa mng'ono wawo, kenako kwa azakhali.

"Dzina ndi langa. Ndichotsa ndekha. Chikandichitikira chinthu, mwaona nonse kuti chala ndi changa. Tambalayu musamukhudze."

"Achimwene, musatero."

"Khala chete iwe."

Mwini sitolo anaika kamuvi pa mawu ofiira aja n'kuwasonyeza podina. Chala chawo chamanzere chinaphonya kawiri. Kachitatu chinadina. Kompyuta inafunsa ngati atsimikizadi.

"Ikuti chiyani?"

"Ikufunsa ngati mwatsimikiza."

"Imandiyesa mwana?"

Anadinanso.

Pagalasi panayamba kuzungulira kamkombero. Kanazungulira, kanazungulira. Intaneti ija. Ine galasi sindinaliyang'anenso. Ndinkayang'ana chifuwa cha alamu. Malaya ankakwera, ankatsika. Ndinamva thukuta likutsika kumsana mpaka m'lamba. Ndinaona mng'ono wawo wasuntha n'kuima pakati pa ine ndi chitseko.

"Apita," anatero mwini sitolo.

Pagalasi panatsala chipinda chopanda munthu.

Tinadikira. Sindikudziwa kuti tinkadikira chiyani, koma tonse tinadikira. Alamu anayang'ana dzanja lawo lamanja. Analinyamula ndi lamanzere, n'kulisiya. Linagwa pa ntchafu ngati kale.

"Silinachire," anatero. "Komanso sindinafe. Ndipatseni madzi."

Anamwa, ena anatayikira pa malaya. Anati tizipita, dzuwa lisanakule.

Pobwerera mantha sanathe. Anakula. Msewu wa ku Mkhumba ndi wa mabampu, ndipo ndinkaopa bampu lililonse. Alamu anatsamiritsa mutu pamsana panga. Mpweya wawo unkandiotcha pakati pa mapewa. Ukachedwa pang'ono ndinkasiya kupalasa. Pena unachedwa kwambiri, ndinaima pakati pa msewu.

"Alamu?"

Zii.

"Alamu!"

"Palasani, inu. Munthu asagoneko?"

Ndinapalasa.

Titafika, amayi a pamudzi anali atakhala pabwalo kudikira. Mkazi wanga anamasula chitenje. Manja anga anakanika kusiya mahandulo, anachita kundichotsa chala chimodzichimodzi. Alamu anatsika mogwiririra mng'ono wawo, anaima ndi mwendo umodzi wabwinowo.

"Sing'anga uja muuzeni asabwere," anatero. "Ndakaona ndekha. Munalibe mankhwala, munali uchitsiru. Mkamwini akhale."

Azakhali anafuna kulankhula. Alamu anali atayamba kale kukoka mwendo kulowera kunyumba kwawo. Madzulo a tsiku limenelo mkazi wanga anabwera ndi ana.