Mango a Agogo pa Dothi la Eni

Ndikamva fungo la utomoni wa mango osapsa, ndimawaona agogo anga aamuna, a Phiri, atatsamira tsinde la mtengo kuseri kwa nyumba kwathu kwa Maganga, akuluka nsengwa ndi zala zawo zokhakhala, uku utsi wa zitsa za thonje, zimene boma linkalamula kuti tiziwotcha tikakolola, ukuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa minda. Anali munthu wamfupi, wosachedwa kuseka, ndipo ine ankanditcha mkazi wawo, monga amachitira agogo ndi adzukulu.

Agogo sanali a kwathu. Anatsika kumapiri a ku Dowa ali mnyamata, nakwatira agogo aakazi, aNabanda, n'kukhala pachikamwini. Kwathu munda ndi malo a nyumba zimayenda ndi akazi. Mwamuna amalima, amamanga, koma dothi ndi la mbumba ya mkazi wake. Iwo nkhaniyi ankangoiseka. Amesenjala a msonkho akachoka, ankamenya khoma ndi chikhatho n'kunena kuti, "Msonkho wa nyumbayi ndimakhoma ndine, koma pamene yaimapa ndi pa mayi awa. Tsiku lina ndidzaisenza pamutu."

"Isenzeni lero ndione," ankayankha agogo aakazi, osasiya kupeta mpunga.

Akamwini anzawo sankadzala mitengo, poti ankati adzangodyetsa eni mudzi iwo atapita. Agogo anadzala mango kuyambira pabwalo mpaka m'njira ya kudambo, ndipo m'chilimwe, mchenga ukamawotcha mapazi, ankathirira ing'onoing'ono ndi chikho, akuyankhula nayo ngati ana.

Agogo aakazi anamwalira ine ndisanathe msinkhu. Titameta, mowa wa maliro utamwedwa, linafika tsiku losudzula, pamene mwamuna wamasiye amamasulidwa kuti abwerere kwawo. Kunabwera ana awiri a mlongo wa agogo kuchokera ku Dowa kudzawatenga. Kunabweranso Che Saidi, msodzi wa ku Lifuwu, amene kwa nthawi yaitali ankasirira mtengo waukulu wa pabwalo kuti aseme bwato.

Woyankhula anali a Banda, mlongo wa agogo aakazi, amene ankayang'anira mbumba yathu. Sanali munthu wankhanza. Iwo ndi agogo ankanunkhira fodya wa m'kabotolo kamodzi, ndipo tsiku limenelo ankayankhula atazolika.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino. Lero tikukumasulani. Khasu, nkhwangwa ndi mphasa ndi zanu. Munda ndi nyumba zitsala ndi ana."

"Nanga mangowa?" anafunsa mmodzi wa alendo a ku Dowa.

"Mtengo ndi wa amene anaudzala. Zimenezo sitingakane."

"Ndiye waukuluwu tagwirizana kale ndi Che Saidi. Yotsalayi tidula, amalume apeze poyambira kumudzi."

Apo m'pamene ndinamvetsa kuti agogo akupita. Ndinathamanga pakati pa akuluakulu n'kukawagwira mwendo, ndikulira mokuwa. Amayi anadzandikoka ndi manyazi, koma agogo anati, "Musiyeni mkazi wangayu." Anandikhazika pamiyendo pawo. Kenaka anayankhula modekha.

"Alamu, tabwerezani. Mitengo ndi ya yani?"

"Ndi yanu."

"Ndikafuna kudula?"

"Mudula."

"Nanga ndikafuna kuisiya chiimire?"

"Palibe angakuletseni."

"Chabwino. Ndaisiya. Tsono anyani a kudamboku mukuwadziwa, ndipo ana a m'mudzi muno amaposa anyaniwo. Ine ndikakhala ku Dowa, mango anga andilondere ndani? Kodi mwini mtengo amaletsedwa kukhala pansi pa mtengo wake?"

Mayi wina wachikulire anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. A Banda anakweza mutu koyamba tsiku limenelo, maso ali ofiira.

"Mlonda sagona pamtetete," anatero. "Afunika kanyumba. Koma alamu, anthuwa amve bwino: dothi likadali lathu."

"Nditengere m'chiyani? Thumba lake ndilibe."

Alendo a ku Dowa anabwerera atakwiya, ati amalume awo awachititsa manyazi pamaso pa eni mudzi. Che Saidi anangopukusa mutu. "Basi, sizinalembedwe," anatero, ndipo m'malo mwa mtengo ananyamula nsengwa imene agogo anawapatsa kuti asapite chimanjamanja.

Kanyumbako anamanga a Banda ndi ana awo, pansi pa mtengo waukulu uja. Ulonda wa agogo unali wodabwitsa. Mango akapsa ankatiitana tonse, ana a m'mudzi, natigwedezera nthambi ndi nsungwi, kenaka n'kumadandaula kwa aliyense wodutsa kuti akuba awatha. Anakhala pamenepo mpaka ine ndinakwatiwa. Atamwalira, abale awo a ku Dowa anavomera kuti agone kumanda akwathu, pafupi ndi aNabanda.

Lero wamkulu wa mbumba ndine. Mwana wa mng'ono wanga atamwalira, anasiya mwamuna wa ku Khombedza ndi ana aang'ono. Tsiku losudzula ndinapeza achibale atamutulutsira kale katundu pakhonde. Ndinaganiza za agogo, amene anachita kudzipezera pokhala ndi nthabwala chifukwa panalibe amene anawafunsa, ndipo ndinawauza onse kuti ayambe aima.

"Bambo," ndinamufunsa mkamwiniyo, "inuyo mtima wanu uli kuti?"

Anangoyang'ana ana ake amene anakhala pafupi ndi nkhokwe.

"Ndamva," ndinatero. "Bwezerani katunduyo m'nyumba."