Achimwene Sanametedwe

Achimwene anga ndi aakulu kwa ine, koma pamudzi pathu anthu ankawatcha mwana mpaka ndevu zawo zinayamba imvi. Mutu wawo unkachedwa kugwira zinthu, ndipo mawu amene ankayankhula anali ochepa: amayi, ababa, ayi, ine, ndi ena angapo amene tinkawamva ife a m'nyumba basi. Mlendo akafika ankafunsa kuti mwana uja wadzuka bwanji, mwini wake ali pomwepo pakhonde. Ine zimenezo zinkandinyansa. Ndinkayankha kuti afunseni okha, makutu ali nawo, ndipo amayi ankanditsina pantchafu kuti nditseke pakamwa.

Ababa atamwalira, amayi sanawabise achimwene. Anawagwira dzanja kukaona nkhope, anapita nawo kumanda, anaona dothi likugwera pabokosi. M'mawa mwake tonse apabanja tinameta, monga timachitira kwathu maliro akaikidwa, ndipo achimwene anawameta amayi eni ake. Tsiku limenelo anayendayenda akugwira mitu yathu mmodzimmodzi, kenako wawo, n'kumati, "Ababa." Kuyambira apo, akakumana ndi munthu wa mpala m'njira, ngakhale wometa chifukwa cha zipere, ankaima n'kuvula chipewa. Ife tinkaseka mpaka kugwira nthiti, koma amayi sankaseka.

Patapita zaka kunatsegulidwa sentro cha kufupi ndi Fonte Boa, malo ophunzitsirako anthu onga iwo. Panali nyumba ziwiri zamalata, dimba la kabichi ndi kachewere, ndi khola la mbira kuseri. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi amenenso ndi mwini mbumba wathu, anati kumeneko n'kungotaya nthawi, munthu wamkulu chonchi aphunziranso chiyani. Koma amayi anakawalembetsa ndithu. Lolemba ankawaperekeza achimwene wapansi, Lachisanu n'kukawatenga, kaya kuli mvula kaya chifunga.

Amene ankawaphunzitsa anali mayi wamfupi wa mawu okhuthala, wochokera kutali kumunsi, ndipo tonse tinkangowatchula apulofesola. Iwo sankadalira pakamwa pophunzitsa. Pakhomo la chipinda chogona aliyense anali ndi msomali wake, ndipo m'mawa ankapachikapo chinthu chosonyeza za tsikulo: kampini ka khasu tsiku lakudimba, kachidutswa ka sopo tsiku lochapa, kolona tsiku la mapemphero. Pa msomali wa achimwene, Lachisanu pankapachikidwa kansalu kong'ambidwa ku kapulana, chitenje chakale cha amayi, kofiira ka maluwa achikasu. Akangokaona, ankamanga okha katundu wawo n'kukakhala pamwala wa pachipata. Kumeneko n'kumene anaphunzira kusamba okha, kuvala nsapato iliyonse kuphazi lake, ndi kusankha nyemba. Ankasankha pang'onopang'ono ngati akuziweruza mlandu, ndipo ndinkawanyogodola kuti ndi liwiro limeneli tidzadya chaka chamawa.

Amayi anadwala chifuwa titangomaliza kukolola. Sanagone nthawi yaitali. Anamwalira Lachiwiri masana, achimwene ali ku sentro.

Ndinati wina akwere njinga akawatenge. Atsibweni anakana. Anati mwana sapita kumanda, akachita phokoso, akakoka nsalu ya mtembo, atichititsa manyazi pamaso pa alendo a ku Lifidzi ndi a ku Dedza. Ndinawakumbutsa za maliro a ababa. Anati zimenezo zinali liuma la mlongo wawo, ndipo mwini liumayo ndi uyo wagona apoyo. Apo ndiye ndinalalata, sindibisa. Ndinanena mawu amene mwana wamkazi sanena kwa mwini mbumba, mpaka azimayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Atsibweni sanali munthu wankhanza. Maso awo anali ofiira ndi kulira, ndipo mumtima mwawo ankaona ngati akumuchitira chifundo mwana wa mlongo wawo. Koma chifundo chimenecho ine chimandiwawa mpaka lero.

Tinawaika amayi Lachinayi, Lachisanu m'mawa tinameta. Tsiku lomwelo linali lokawatenga achimwene. Atsibweni anandilamula kuti ndimange mpango mwamphamvu, ndikanene kuti amayi apita kuchipatala ku Tete, ndipo pakapita nthawi aiwala okha.

Ndinawapeza pamwala paja, katundu ali pamiyendo, kansalu kofiira kali m'manja. Sanandiyang'ane kumaso, anayang'ana kumbuyo kwanga. "Amayi," anatero. Ndinati tiyeni kunyumba, achimwene. Anati ayi. Bodza la ku Tete sindinalinene. Ndinawakoka dzanja, iwo anakakamira mwalawo, ndipo munthu wamkulu ngati uja simungamunyamule. Ndinawauza apulofesola zonse pambali. Anagwira pakamwa, kenako anati nkhani ya maliro ndi ya apabanja, iwo sangainene, koma sangawanamizenso. Ndinabwerera ndekha.

Sabata yotsatira zinali chimodzimodzi, inanso chimodzimodzi. Apulofesola analeka kupachika kansalu kaja, anakaika m'kabati. Achimwene anakafunafuna mpaka kukapeza, n'kuyamba kukapachika okha, osati Lachisanu lokha koma tsiku lililonse. Kudimba anasiya, mbira anasiya kuzipatsa udzu. Matabicho, chakudya cham'mawa, ankazizirira m'mbale, chakudya chamasana ankangochigwiragwira. Inali nyengo ya chisanu, mphepo ya kumapiri kuno ikuluma mpaka m'mafupa, koma iwo ankakhala pamwalapo mpaka dzuwa kupendeka. Buluku lawo anayamba kulimanga ndi chingwe.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinakhala pambali pawo n'kunena poyera kuti amayi anamwalira, tinawaika. Anagwedeza mutu bwinobwino monga ankachitira munthu aliyense akawayankhula, n'kupitiriza kuyang'ana kunjira. Ndinabwereza, anagwedezanso. Apulofesola anandiperekeza pang'ono n'kundiuza kuti mawu kwa achimwene amangodutsa, chimene chimakhala mumtima mwawo ndi chimene aona ndi kugwira. Anati akhala akuganiza choti apachike pa msomali uja, koma chinthu chosonyeza imfa sakuchipeza. Za kumeta kwa pa maliro a ababa iwo sankadziwa, ndipo inenso mutu unali utazungulira, sindinaziganize.

Ndinaziganiza ndikusamba. Ndinapaka sopo kumutu n'kumva tsitsi likundibaya m'manja, litayamba kuphuka ngati udzu wa palupsa. Ndinaima chilili madzi akuzizira m'beseni. Chinthu chokhacho chimene achimwene akanamva chinali pamutu panga pomwe, ndinkachiphimba ndi mpango ulendo uliwonse, ndipo chinali kutha. Likangokula tsitsili, ndiye kuti adzadikira pamwala paja mpaka tidzawanyamule.

Ndinapita kwa atsibweni, ndinagwada, ndinayankhula mofatsa mmene ndikanathera. Anati ukamuuza ukamupha. Ndinati atsibweni, munthuyo akufa kale, pitani mukamuone. Anangowerama, ndipo ine ndinanyamuka osadikira Lachisanu.

Ndinawapeza pamalo pawo. Ndinagwada patsogolo pawo, ndinamasula mpango, ndinatenga dzanja lawo n'kuliika pamutu panga. Linali lozizira ndi lopepuka. Anasisita kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, n'kubwereranso, ndipo kwa nthawi yoyamba anasiya kuyang'ana kunjira.

"Ababa?"

"Ayi, achimwene. Amayi."

Sanalire. Dzanja lawo linakhalabe pamutu panga. Kenako analichotsa n'kuliika pamutu pawo, pomwe tsitsi linali litakula n'kupotana, poti masiku amenewo ankakana kupesedwa. Analikoka pang'ono, anandiyang'ana m'maso.

"Ine?"

Anafunsanso kachiwiri, mawu omwewo, ndipo ine ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Tonse tinameta, ngakhale adzukulu oyamwa anawadulako pamphumi, koma mwana woyamba wa amayi tinamusiya ndi tsitsi lake ngati mlendo.

Apulofesola sanafunse zambiri. Anabweretsa lumo latsopano, madzi ofunda ndi sopo, ndipo ndinawameta pamwala pomwepo. Anakhala phee, khosi litawerama, monga anakhalira tsiku limene amayi anawameta. Nditamaliza anatola tsitsi lonse pansi, mwa kusankha kwawo kuja kwa pang'onopang'ono, analikulunga m'kansalu kofiira, anatenga katundu wawo n'kuyamba kutsogola okha njira ya kumudzi.

Atsibweni tinawapeza pabwalo akukonza mpini. Ataona mutu wa achimwene ndi buluku lomanga ndi chingwe, mpini unawagwa m'manja. Ndinali nditakonzeka kukalipidwa, mawu anga ndinali nditawanola kale. Koma achimwene anapita n'kuwavula chipewa, anawasisita pamutu, anati, "Amayi." Atsibweni anakhala pansi n'kuphimba nkhope. M'mawa mwake iwo omwe anakapempha chilolezo cholowera kumanda, natitsogolera.

Pamanda achimwene anazungulira mtumbira, anagwada chakumutu, anaika kansalu kaja pansi. Ine ndinkati zatha. Kenako ndinaona ayamba kufukula dothi ndi zala, mofatsa, osapupuluma. Ankafuna kuona nkhope, monga anaonera ya ababa. Ndinawagwira dzanja lina, atsibweni lina, ndipo apo m'pamene analira, kulira kwa mwamuna wamkulu kumene ndinali ndisanakumvepo. Tsitsi ndinatha kuwameta mochedwa, koma nkhope ya amayi panalibenso amene akanawaonetsa.

Anayambanso kudya, pang'onopang'ono, ndipo anabwerera ku sentro. Mbira akuzipatsanso udzu. Ndinang'amba kansalu ku kapulana yanga yobiriwira, ndipo ndi kamene apulofesola amapachika Lachisanu masiku ano. Achimwene anakazolowera, akakaona amamanga katundu n'kukakhala pamwala. Ndikafika amaimirira, amandipatsa katunduyo kuti ndisenze, ndipo timanyamuka. Koma asanaponye phazi, amayamba asuzumira kumbuyo kwanga.