Udule Mothina

Tsiku limene analephera mayeso a zosoka kachitatu, mtsikana wina anabwerera kunyumba wapansi ngakhale basi zinalipo. Sankafuna kukhala pafupi ndi munthu. M'chikwama mwake munali diresi la mayeso lomwe linakana kulowa ngakhale pa chidole choyezera zovala.

Vuto lake linali limodzi. Akajambula mzere ndi choko pansalu, sizasi yake inkadutsa mkati mwa mzerewo. Pang'ono chabe, ngati kamtengo ka machesi, koma chovala chilichonse chinkatuluka chothina. Anzake anamupatsa dzina loti Chothina, ndipo linamukakamira kuposa lake lenileni.

Aphunzitsi ake, mayi okoma mtima koma osabisa mawu, anamuitanira pambali tsiku limenelo.

"Mwana wanga, ndayesetsa. Manja akowa ndi owononga. Kayese zina."

Mawu amenewa anamulowa mpaka m'mafupa. Makolo ake anali atamwalira kalekale, ndipo ankakhala kwa achimwene ake, ojambula zithunzi pamaukwati, omwe anadzimana zambiri kuti iye aphunzire. Atafika anangogwera pampando n'kuyamba kulira.

"Usalire, mlongo wanga," anatero achimwene akewo. "Malaya unandisokera aja andithandiza kwambiri. Ndikawavala sinditha kudya mopyola muyeso."

Chothina anaseka misozi ili m'masaya, koma mumtima anali atavomereza kuti manja ake ndi achabechabe. Anapeza ganyu yosesa pamalo okonzera mipando ya sofa. Tsiku lonse ankatola zidutswa za siponji, ndipo chida chilichonse chodulira ankachilambalala.

Chaka chomwecho tsoka linagwa pakhomo. Kamera ya achimwene inasweka m'chikwama, njinga yamoto itagunda dzenje. Anagulitsa firiji n'kugula kamera ina, pamodzi ndi bokosi lolimba lapulasitiki kwa munthu wogulitsa katundu wakale. Koma bokosilo m'kati munali mbee. Ankakulunga kamera m'thawulo, magalasi ake n'kuwalowetsa m'masokosi, komabe akanyamula zinkangomveka gugudu gugudu.

"Ikasweka iyi tidzadya zithunzi," ankatero alamu ake, akazi a achimwenewo, ndipo sankaseka.

Phokoso limeneli linkamupweteka Chothina. Tsiku lina analimba mtima n'kupempha bambo wamkulu wa pantchito paja siponji yotsala. Anamupatsa zidutswa zitatu zokhuthala, zolimbirako, ndi mpeni wautali wopyapyala.

"Uziunola pafupipafupi," anatero bamboyo. "Uuimike chilili, ndipo usacheke ngati ukucheka nkhuni. Uzingokoka kamodzi, mofatsa."

Loweruka masana anayala chidutswa choyamba patebulo. Anaikapo kamera, magalasi awiri ndi mabatire, n'kusiya mpata wa zala ziwiri pakati pa chilichonse kuti zisagundane. Anazungulitsa choko. Koma atagwira mpeni anakumbukira dzina lake lija. Poopa kuthinitsa, anadula kunja kwa mzere. Kamera inalowa bwinobwino, n'kumavina m'dzenjemo ngati phazi la mwana mu nsapato ya bambo ake.

Chidutswa chachiwiri anachidula pamzere penipeni, atagwira mpweya, thukuta lili kamukamu. Chinkaoneka chokongola. Koma atapendeketsa bokosi, galasi limodzi linatsetsereka n'kugunda chivindikiro.

Chinatsala chimodzi. Apa n'kuti mkono utatopa, ndipo akudula, maganizo anapita kwina. Dzanja linabwerera kuchizolowezi chake. Atamaliza anaona choko chonse chatsala m'mphepete mwa maenje. Anali atadula mkati mwa mzere.

Anaponya mpeni patebulo. "Achimwene, ndawononganso. Aphunzitsi aja sananame."

Achimwene anasendera patebulo. Anatenga kamera n'kuikankhira m'dzenje lake. Siponji inakana pang'ono, kenako inalola, n'kuigwira mbali zonse. Analowetsa magalasi ndi mabatire chimodzimodzi. Anatseka bokosi n'kuligwedeza pafupi ndi khutu. Zii. Analitsegula, n'kulizondotsa pamwamba pa bedi, alamu atagwira kumutu. Palibe chinagwa.

"Iwe," anatero achimwene motsitsa mawu, "siponji si nsalu. Iyi imafuna kuthina kumene."

Kenako anayesa kutulutsa kamera ija, koma zala zinasowa polowera. Analimbana nayo mpaka onse atatu anagwa nacho chiseko.

"Mlongo wanga, waisunga bwino moti ngakhale mwiniwakene yandikana!"

Chothina anatenganso mpeni n'kudula timipata tiwiri ta zala m'mbali mwa dzenje lililonse. Kuyambira tsiku limenelo sanaiwalepo timipata timeneti.

Patapita milungu itatu, bokosi lija linagwa panjinga yamoto n'kugubuduka mumsewu. Achimwene analitsegula anzawo ojambula ataunjikana. Zonse zinali pamalo pake, popanda ndi kamng'alu komwe. Madzulo ake ojambula awiri anafika pakhomo, aliyense ndi bokosi lake.

Musaganize kuti zinangoyenda myaa. Anawononga siponji yambiri, anadzicheka zala, ndipo guluu wina ankasungunula siponji m'malo moimata. Ena ankamuderera kuti ntchito yake ndi yoboola matiresi. Iye anapitirizabe. Anaphunzira kuti chinthu cholemera chimafuna siponji yolimba ndi ina yoyala pansi, ndiponso kuti munthu wamanzere timipata take timakhala kwina. Anabwera oimba ndi zokuzira mawu, amakaniko ndi zida zawo, ngakhale anamwino oyenda ndi makina opimira odwala. Bambo wa sofa uja anamupatsa ngodya yogwiriramo ntchito, ndipo patatha zaka zinayi anatsegula chipinda chakechake. Pachitseko analembapo dzina lomwe ankamuseka nalo lija.

Tsiku lina m'mawa kunalowa mayi achikulire atanyamula bokosi ndi kathumba. Chothina anawazindikira nthawi yomweyo, ndipo anaimirira n'kuwapatsa mpando. Anali aphunzitsi ake aja. Anakhuthula patebulo masizasi asanu akale, onyezimira chifukwa chosamalidwa.

"Ndapuma ntchito, mwana wanga. Awa ndagwira nawo zaka makumi atatu, ndikufuna agone pabwino." Anayang'ana zala za Chothina zodzaza zipsera. "Ndinalankhula molakwa tsiku lija. Manja ako sanali owononga. Ine ndi amene ndinkangodziwa nsalu yokha."

Chothina anamva misozi ikubwera, koma anamwetulira n'kutenga choko. "Ndidule bwanji, aphunzitsi?"

"Udule mothina. Ngati kale."

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso wina anakuuzani kuti manja anu ndi owononga, ndipo munakhulupirira. Mwina muli ndi dzina limene anthu amakusekani nalo. Ine sindikunena kuti cholakwa chilichonse ndi mphatso, ayi, zina zimafunikadi kukonza. Koma musadziweruze ndi ntchito imodzi yokha imene inakukanani. Yesaninso pena. Mtima wanuwo musautaye, pakuti ilipo ntchito imene ikudikira dzanja lodula ngati lanulo.