Tupa Langa ndi Nsapato za Mlendo

Kwathu ku Ntcheu ndinkadziwika ndi kunola. Zikwanje, nkhwangwa, mipeni, ngakhale sizasi ya telala wa pamsika, zonse zinkadutsa m'manja mwanga, ndipo sindinkabisa kuti ndimanyada nazo. Pobwera ku Canada ndinasiya zinthu zambiri, koma tupa langa ndinalikulunga m'sokosi n'kuliika m'sutikesi. Mkazi wanga anaseka, nati kumene tikupitako kulibe tchire loti ndikatchetche.

Tinkakhala ku Scarborough, m'nyumba zosanjikizana zija, pamwamba kwambiri moti basi inkaoneka ngati kabokosi ka machesi. Ine ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, iye kuchipatala. Ana athu awiri anali adakali kumudzi kudikira mapepala, choncho chipinda chawo chinkangokhala, bedi loyala bwino koma losagonapo munthu. Tsiku lina kutchalitchi analengeza kuti pakufunika mabanja osunga alendo kwa sabata imodzi. Ndisanamvetse n'komwe kuti alendowo ndi otani, mkazi wanga anali atakweza kale dzanja.

Alendowo anali anyamata osakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, obwera kudzapikisana masewera a hoke. Awa ndi masewera a pa ayezi: munthu amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chopyapyala kunsi, n'kumatsetsereka akukankha kamphira kakuda ndi ndodo mpaka akalowetse m'golo. Ku Canada mwana amaphunzira zimenezi asanadziwe kupukuta mamina. Koma matimu anayi amene anabwerawo anali a mayiko amene hoke ndi yachilendo, ndipo ankapikisana okhaokha m'kabwalo kakang'ono kufupi ndi kwathu, oonerera ambiri ali ife osunga alendo.

Ife tinapatsidwa kaputeni wa timu ya dziko lina lotentha ngati kwathu. Anali wamtali, wowonda, wachizungu chodukaduka ngati changa. Mkazi wanga anamuphunzitsa kunena kuti "bambo" ndi "mayi" asanavule n'komwe jekete. Anatiuza kuti dziko lake lonse lili ndi bwalo la ayezi limodzi, m'kati mwa nyumba ya masitolo, ndipo pakati pa bwalolo pali chipilala chimene amachizungulira posewera. Magetsi akazima, ayezi amasungunuka, iwo n'kumakathamanga pamsewu. Nsapato zake anagula kwa munthu amene nayenso anagula kwa wina, ndipo analibe zina.

Tsiku lachiwiri anatulutsa kaseti m'chikwama n'kuiika patebulo mosamala ngati dzira. Anati pa mipikisano ya mayiko, masewera akatha matimu onse amaima pamzere, ndipo imayimbidwa nyimbo ya fuko ya amene apambana okha. Ogonja amaima n'kumamvetsera ya anzawo. Iye anali atasewerera dziko lake zaka zitatu, m'mayiko angapo, ndipo nyimbo yakwawo anali asanaimvepo pabwalo. Kasetiyo anajambula pa wailesi ndi amayi ake, ndipo ankayenda nayo kulikonse chifukwa okonza mipikisano sankavutika n'kufunafuna nyimbo ya timu yosapambana. Ulendo umenewu unali wake wotsiriza, chifukwa chaka chotsatira zaka zikanamupitirira.

Masewera awiri oyamba anagonja, kugonja koti kwathu anthu akanatuluka m'bwalo akutukwana. Koma ine ndinagoma nawo anyamata aja. Ankagwa, kudzuka, kugwanso, zigoli zikulowa ngati mvula, koma palibe amene anaponya ndodo pansi kapena kuloza chala goloboyi. Potsiriza ankavula zipewa zawo zolimba zotetezera mutu n'kuima njo, thukuta lili kamukamu, kumvetsera nyimbo ya eni ake mpaka ithe. Masewera otsiriza anali a Lamlungu masana, ndipo ankakumana ndi timu imene nayonso inali isanapambanepo. Aliyense ankadziwa kuti ngati kaseti ija idzalire, ndi tsiku limenelo.

Loweruka masana timu yonse inakwera sitima yoyenda pansi pa nthaka kukaona mzinda. Mnyamatayo anasiya nsapato zake pafupi ndi chotenthetsera nyumba kuti ziume. Ine ndinali ndekha, mkazi wanga ali kuntchito. Ndinanyamula imodzi, n'kuyendetsa chala pa chitsulo chija. Chinali chaphwatalala! Mpeni wotero kwathu sungasende nawo ngakhale mbatata. Chisoni chinandigwira. Ndinati nanga mwanayu apambana bwanji, anthu akumutumiza kunkhondo ndi zida zobuntha? Ndiponso mlendo sangagone m'nyumba mwanga n'kuchoka ndisanamuchitire kanthu ndi manja angawa.

Ndinatulutsa tupa, ndinayala nyuzipepala pansi, ndinakhala pampando n'kupana nsapatoyo ndi mawondo. Chitsulocho chinali cholimba kuposa cha chikwanje chilichonse chimene ndinagwirapo, moti ndinachita kuvula juzi. Ndinanola mbali iyi, ndinanola mbali inayo, mpaka zinakumana pakati n'kukhala mlomo umodzi wakuthwa. Nditayesa patsitsi la pamkono, linametedwa. Ndinazipukuta n'kuzibwezera m'chikwama chake, osauza munthu. Ndinkafuna akadabwe yekha.

Lamlungu kutchalitchi sitinapite. Tinakwera basi atatu kupita kubwalo, chifukwa timu inali ndi zokonzekera masewera asanayambe. Tupa ndinaliika m'thumba la jekete, poganiza kuti anzake akaona ntchito yanga, nawonso apempha.

Anyamata analowa pa ayezi mmodzimmodzi. Wathuyo atangoponda, anayenda pang'ono, n'kufuna kukhota. Phi! Anadzuka, nayesanso, n'kugwanso chammbali mpaka kukagunda khoma. Anzake anayamba kuseka, kenako anasiya. Anakwawira kumpando wa timu, navula nsapato imodzi, nayang'ana kunsi kwake nthawi yaitali. Kenako anatukula maso n'kundipeza pamene ndinakhala. Sanakwinye nkhope. Anangondiyang'ana, n'kuweramanso.

Mkazi wanga anandigwira mkono. "Bambo, inu. Mwashapena nsapato za mwanayu?"

"Zinali zobuntha," ndinatero.

"Mayo ine. Tsikani. Pitani komweko, now now."

Nditafika kuseri kwa mpando wa timu, kochi wawo, bambo wamfupi wadazi, anali akukalipa m'chinenero chawo, nsapato ili m'manja. Mnyamatayo ankayankha motsitsa, akudziloza pachifuwa. Kochiyo atandiona anadzigwira, nandiuza m'Chingerezi kuti ndimukhululukire phokosolo. Anati mwanayu, kaputeni wathunthu, wavomera kuti wawononga yekha nsapato zake pofuna kuzinola, ndipo chifukwa cha uchitsiru umenewo sasewera lero, ngakhale nsapato zina zitapezeka.

Mlandu unali utandilambalala, mwana wa eni atausenza kuti bambo womusunga asachite manyazi pagulu. Ndikanatha kugwedeza mutu n'kubwerera pampando wanga. Koma ndinaona chikwama chake pansi, ngodya ya kaseti ija ikuonekera m'kathumba kam'mbali. Ndinavula chipewa, ndinanjuta pang'ono n'kuwomba m'manja monga timachitira kwathu popepesa akuluakulu, anyamata onse akundiyang'ana. Kenako ndinapisa m'thumba n'kutulutsa tupa lija.

"Ndine," ndinatero. "Mwanayu sanakhudze. Ndimafuna kumuthandiza."

Kochi anayang'ana tupa, nayang'ana ine, nayang'ana mnyamata uja. Kenako anandiponyera nsapato zonse ziwiri pachifuwa n'kuloza kumapeto kwa khonde. "Thamangani," anatero.

Kumeneko kunali kachipinda ka bambo wina wokalamba, mzungu, amene ntchito yake inali yonola nsapato zoterezi pamakina. Atazitembenuza anaimba likhweru. Anatenga nsapato ina yabwino n'kundiuza kuti ndiyendetse chikhadabo mopingasa. Ndipo ndinamva: chitsulo chimene ndinkati n'chaphwatalala chinali ndi kangalande pakati, milomo iwiri yakuthwa m'mbali. Umodzi ndi wokhotera kumanja, winawo kumanzere, ndipo munthu amaimanso ndi yomweyo. Ine ndinali nditachotsa yonse iwiri. Anati ntchito yanga ndi yaukhondo, sanaonepo munthu wowononga nsapato mwaluso chotero. Ndikanakhala mzungu ndikanafiira.

Kuti akonze, anayenera kudya chitsulo mpaka chiphwatalalenso, kenako n'kukumba kangalande katsopano. Chitsulocho chinali chakale, chotha kale, ndipo anati sakulonjeza kuti chitsalapo chokwanira. Ankapala pang'ono, n'kusiya kuti chizizire, n'kupalanso. Ine ndinaima pamenepo ndikuyang'ana nthethe za moto zikuthetheka, ndikumva kuseri kwa khoma wezulo ikulira kuti masewera ayamba. Sindinapempherepo pemphero lalitali m'moyo mwanga ngati limene ndinapempherera kachitsulo kameneko.

Hoke imaseweredwa zigawo zitatu. Nsapato zinatheka gawo loyamba litatsala pang'ono kutha. Ndinathamanga nazo m'khonde ngati ndanyamula mwana wodwala. Mnyamatayo anali pampando wa timu, atavala zonse, kumapazi kuli masokosi okha. Anazilanda, namanga zingwe. Gawo lachiwiri litayamba kochi anamumenya paphewa, iye nalumphira pa ayezi. Anakhota kumanja, anakhota kumanzere, anaima mwadzidzidzi ayezi n'kuwazika. Mkazi wanga analulutira, azungu onse n'kucheuka.

Sanagoletse. Ndikanakonda kunena kuti anagoletsa, koma ayi. Chimene anachita n'kudziponya kutsogolo kwa kamphira kaja kawiri konse timu yake ikutsogola ndi chigoli chimodzi, ndipo kachiwiriko kanamumenya m'nthiti mpaka ndinamva kugunda kwake ndili pamwamba. Anadzuka atapindika, koma sanatuluke. Belu lotsiriza litalira, anyamata aja anaunjikana pa goloboyi wawo, ndodo ndi magolovesi zili mbwee pa ayezi.

Kenako matimu anaima pamizere, ndipo panali bata. Bambo woyendetsa zokuzira mawu ankatembenuzatembenuza makaseti ake, akukanda mutu. Mnyamata wathu anatsetsereka kupita kumpando, napisa m'chikwama, napita nayo yekha kasetiyo. Inayamba ndi kusokosera. Kenako kunamveka mawu a muulutsi wa pa wailesi, chivundikiro cha poto chikugwa, ndi mayi wina akuletsa ana phokoso. Palibe anaseka. Nyimbo itayamba, anyamata khumi ndi angapo aja anagwirana mapewa n'kuimba ndi mawu osasa, osagwirizana, ena akulira poyera. Ine sindinamve liwu ndi limodzi lomwe la nyimboyo, koma ndinaimirira chipewa chili pamtima, misozi ikutsika, ndikuganiza za ana anga.

Tinakumana naye panja atasintha zovala, akuyenda atagwira nthiti. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa. Iye anangotambasula dzanja, nati, "Bambo, tupa." Ndinamupatsa. Analiika m'kathumba kamodzi ndi kaseti ija n'kutseka zipi. Anati akufuna akaonetse amayi ake, kuti adziwe kuti kumene anakakhala kunali munthu amene anatuluka thukuta chifukwa cha iye.

Anachoka Lolemba m'mawa. Mkazi wanga anachapa zofunda n'kuyalanso bedi lija, ndipo linakhala choncho mpaka ana athu atabwera.